Luso loika mawu m'kamwa mwa mbalame

Mu komboni ya Kalingalinga ku Lusaka mbalame zimalawira kuposa amisiri. Owotcherera zitsulo ndi akalipentala a m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata asanayatse makina awo, pumbwa, njiwa ndi mpheta zimakhala zitayamba kale kulira m'mitengo ya mango, ya mapeyala ndi ya magwafa imene ili m'mapuloti. Pakati pa mawu ozolowerekawa nthawi zina mumamveka mawu achilendo, mwini wake atabisala m'masamba kuseri kwa mpanda wa aneba. Womva amafuna kudziwa kuti ndi mbalame yanji, koma nthenga sanazione, ndipo chimene ali nacho ndi kulira kokhako. Kuti akafunse kwa wodziwa, ayenera kunyamula kulirako pakamwa pake. Makolo athu anali ndi njira yochitira zimenezi: kutsanzira mbalame ndi mluzu, ndi kuika mawu a anthu pa nyimbo yake. Ambiri amaziyesa masewera a ana. Ine ndikuti ndi luso lokhala ndi malamulo ake, ndipo ndilo njira yoyamba yozindikirira mbalame yosaoneka.

Wotsanzira wabwino amayamba ndi kuwerenga. Njiwa ya mkanda wakuda kukhosi imene imamveka kwambiri m'tchire la kuno imalira katatu, liwu lapakati lili lalitali ndi lokokera kummero, kenako n'kubwereza. Inzake yaikulu ya maso ofiira imalira kasanu ndi kamodzi. Munthu akaika mawu a maphatikizo anayi pa nyimbo ya maphatikizo atatu, wanamizira mbalameyo ngakhale mawuwo atakoma chotani. Chachiwiri ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndipo apa olankhula Chinyanja ali ndi mwayi, pakuti chinenero chathu chimasiyanitsa matanthauzo ndi kamvekedwe kokwera ndi kotsika. Wopeka waluso amasankha mawu amene akamatchulidwa mwachibadwa amatsika pamene mbalame imatsika. Chachitatu ndi mtundu wa liwu: la mluzu, la m'mphuno, losasa kapena la pansi pa chifuwa. Chomaliza ndi nthawi ndi malo, pakuti lumbe amalira usiku, makamaka mwezi ukawala, pamene mkuta amakonda mathengo a m'madambo ndipo mawu ake amatsika ngati madzi akukhuthuka m'botolo.

Taonani mmene malamulowa amagwirira ntchito pa mbalame imodzi yopezeka kwambiri m'minda ya maluwa ya mu Lusaka, imene mabuku amaitcha white-browed robin-chat. Imaimba m'bandakucha ndi chisisira, ili m'kati mwa chitsamba. Imatenga kachigawo kakafupi ka mluzu n'kumakabwereza, poyamba motsitsa kwambiri moti umaganiza kuti ili kutali, kenako mokweza ndi mofulumira kufikira pamene yaikazi imalowererapo ndi kaliwu kosongoka. Wotsanzira wa chibwana amagwira kachigawo kaja n'kuleka. Koma chizindikiro chenicheni cha mbalameyi ndi kukula kwa mawu pang'onopang'ono, ndipo amene wasiya zimenezo wasiya mbalame yonse. Muyeso wa lusoli ndi uwu: munthu wina amene sanamvepo mbalameyo akamva kutsanzira kwanu, kodi mawa adzaizindikira yekha ikalira?

Wina anganene kuti mawu oikidwa pa nyimbo za mbalame amasiyana mudzi ndi mudzi, motero sangakhale nzeru yodalirika. N'zoona kuti amasiyana. Mbalame imene imafika mvula ikayandikira n'kumalira katatu motsika, usana ndi usiku, olankhula Afrikaans amaimva ngati ikuitana dzina la munthu, pamene ena amaimva ikulengeza mvula. Kanjiwa kakang'ono ka madontho obiriwira pamapiko, kamene kamayamba mozengereza n'kumafulumira motsika, mitundu ingapo ya kumwera kwa Africa imakamva ngati kakulira maliro a abale ake. Koma chimene chimasiyana ndi tanthauzo, pamene chiwerengero cha maphatikizo ndi njira ya liwu zimakhala zomwezo. Mawuwo ntchito yake ndi kusunga nyimbo m'mutu. Ndipo umboni woti nzeru za khutu si zongopeka ulipo ku Niassa, m'dziko la Mozambique. Ayao ofula njuchi amadziwa kusiyanitsa kulira wamba kwa mbalame imene amaitcha sego ndi kulira kwake koitanira anthu ku njuchi, ndipo iwonso ali ndi kaitanidwe kawo kamene amaphunzira kwa atate awo. Kafukufuku wa Claire Spottiswoode ndi anzake wa mu 2016 anasonyeza kuti kaitanidweko kanakweza mwayi wopeza njuchi kuchoka pa 17 kufika pa 54 pa 100 alionse.

Chotsutsa cholemera ndi cha foni. Pulogalamu ya Merlin ya ku Yunivesite ya Cornell inayamba kuzindikira mbalame pomva mawu mu 2021, ndipo BirdNET imachita chimodzimodzi. Ngati makina angatchule dzina, kuvutikiranji ndi mluzu? Zipangizozi ndi zabwino ndipo n'zoyenera kugwiritsidwa ntchito. Koma makina amaphunzira pa mawu amene anthu anajambula n'kulemba dzina, ndipo mbalame za mu Africa sizinajambulidwe mochuluka ngati za ku Ulaya ndi ku North America. Zambia ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 750, ndipo zambiri zimene zikudziwika za nyimbo zake zinachokera m'makutu a anthu onga Robert Stjernstedt, amene anajambula matepi a Birdsong of Zambia. Komanso foni mu komboni imamva zonse pamodzi: minibasi, wailesi, galayinda, tambala. Khutu la munthu limasankha liwu limodzi pakati pa phokoso n'kulitsatira. Pali mbalame zinanso, monga nthengu, zimene zimatsanzira zinzake, ndipo munthu amene amadziwa mtengo umene nthengu imakonda kutera ndiye amayamba kukayikira asanakhulupirire dzina limene latuluka pa foni.

Enanso amati m'komboni mulibe mbalame zoti n'kutayirapo nthawi. Kalingalinga ayandikana ndi Yunivesite ya Zambia, kumene mitengo ikuluikulu ndi madamu a Goma zimasunga mbalame zambiri, ndipo mbali ina kuli minda ya ku Kabulonga. Mbalame sizidziwa malire a mapuloti. Chimene chikusowa ndi anthu odziwa kuzimva, ndipo kusowa kumeneku kuli ndi mtengo wake. Kadzidzi woyera nkhope akalira mokuwa padenga usiku, banja lonse limagwidwa ndi mantha ndipo anyamata amatola miyala, chonsecho mbalameyo yabwera kudzasaka makoswe amene akutha ufa m'nyumba. Amene amatha kutchula mwini liwu ndi chimene akufuna sachita mantha msanga.

Luso limeneli silinathe kupekedwa, ndipo apa ndi pamene ndikuona ntchito ya olemba ndakatulo, oimba ndi aphunzitsi a mu Lusaka. Mbalame za m'tauni zikufunika mawu a Chinyanja cha m'tauni, opekedwa ndi anthu amene amazimva tsiku ndi tsiku, okhulupirika pa chiwerengero ndi pa kamvekedwe monga analili a makolo. Mphunzitsi angatume ana kukamvetsera mbalame imodzi kwa sabata, aliyense abwere ndi mawu ake, kenako kalasi iweruze amene agwirizana kwambiri ndi mbalameyo, ndipo dzina la m'buku lifufuzidwe pambuyo pake ndi chithandizo cha mabungwe onga BirdWatch Zambia. Mwana wophunzira motere akadzamva kulira kumene sakukudziwa adzawerenga maphatikizo, adzatsata kukwera ndi kutsika, adzasunga nthawi ndi malo, ndipo adzapita nako kwa wodziwa kuli kwathunthu.