Ziboliboli za mu Lusaka ndi Mwana wa ku Bundabunda

Cholinga chathu m'nkhani ino ndi kuunika ziboliboli ziwiri zotchuka za mumzinda wa Lusaka, ndi kufunsa ngati zimanenadi mbiri ya malo amene zaimapo. Funsoli tikulifunsa titaima ku Bundabunda, dera la Asoli kum'mawa kwa Chongwe, kumene mphunzitsi wa Chinyanja amayenera kufotokozera ana za likulu la dziko lawo.

Choyamba ndi Chipilala cha Ufulu cha pamsewu wa Independence Avenue, chimene anapanga James Butler wa ku Britain, ndipo chinaimikidwa mu 1974 pokumbukira zaka 10 za ufulu. Chikuonetsa mwamuna atakweza manja, maunyolo ataduka, ndipo mbiri imati mwamunayo ndi Zanco Mpundu Mutembo wa ku Mbala. Luso lake lagona pa nthawi imene mmisiriyo anasankha: unyolo wangoduka kumene, zidutswa zikali lende m'mikono. Woona amamva kuti ufulu sunabwere ngati mphatso. Ana ambiri a kumidzi anayamba kuchiona pa ndalama za pepala, monga za kwacha zimene zinatuluka mu 2013.

Chachiwiri ndi The Graduate cha pa Yunivesite ya Zambia, ntchito ya Henry Tayali (1943-1987). Wophunzirayo wanyamula buku ndi khasu, koma alibe nkhope. Apa Tayali anaganiza mozama, pakuti munthu wopanda nkhope angathe kukhala Mbemba, Mlozi, Mtonga kapena Msoli.

Komatu pamene pali mphamvu ya ziboliboli zimenezi ndi pomwenso pali kufooka kwake. Zonse ziwiri zinabadwa m'nthawi ya Kenneth Kaunda, pamene boma linkalimbikira kumanga mitundu 73 kukhala fuko limodzi. Motero zimalankhula za dziko, koma za nthaka imene zapondapo zili chete. Zikanaimikidwa ku Ndola kapena ku Livingstone, tanthauzo lake silikanasintha. Chikhalirecho Lusaka ali ndi mbiri yakeyake. Dzinali linachokera kwa nyakwawa Lusaaka. Njanji inafika mu 1905. Likulu linasamukira kuno kuchoka ku Livingstone mu 1935. Mudzi wa Lusaaka akuti unali cha ku Manda Hill. Liwu lakuti "manda" likadamvekabe m'dzinalo, koma kwa ambiri lero dzinalo likutanthauza masitolo.

Sitikunena kuti Asoli alibe luso la pabwalo. Pa mwambo wa Chakwela Makumbi ku Chongwe, Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera anthu ake popempha mvula dzinja lisanayambe. Kwa Bundabunda kuli Chibwela Kumushi, mwambo wobwerera kumudzi anthu atakolola. Ng'oma, magule, zovala ndi mapemphero a pa miyambo imeneyi zimachitika poyera, anthu onse akuona, monganso chiboliboli. Kusiyana n'kwakuti luso limeneli limadalira chiyankhulo, ndipo chiyankhulo chikafooka, nalo limafooka.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife aphunzitsi. Chisoli sichili m'gulu la ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha kuti zizigwira ntchito m'masukulu ndi pawailesi. M'chigawo cha Lusaka malowo anaperekedwa ku Chinyanja. Choncho mwana wa ku Bundabunda amayankhula Chisoli pakhomo, amawerenga Chinyanja m'kalasi, ndipo akafika pa Chipilala cha Ufulu amapeza liwu lakuti ufulu litalembedwa m'Chingerezi. Tiyenera kuvomereza kuti Chinyanja chathuchi, chimene timachidandaulira kuti Chingerezi chikuchipondereza, nachonso chimaphimba china chaching'ono.

Pomaliza, sitikupempha kuti ziboliboli za Butler ndi Tayali zichepetsedwe ulemu. Zinagwira ntchito ya nthawi yake, ndipo zinaigwira bwino. Tikupempha zinthu ziwiri. Amene amalamula za zipilala zatsopano mumzindawu aganizire eni nthaka, ndipo mawu olembedwapo akhalenso m'Chisoli ndi m'Chinyanja. Nayenso mphunzitsi, pophunzitsa za Chipilala cha Ufulu, afunse ana tanthauzo la Chibwela Kumushi, awalole kuyankha m'chiyankhulo chawo, kenaka amasulire limodzi m'Chinyanja. Akatero, mwanayo adzalowa mu Lusaka akudziwa kuti mzindawo waima pa nthaka ya makolo ake.