Khutu la makaniko wa magetsi

Fani ya pa rediyeta ikamazungulira osapuma pa Corolla yakale, ambiri timangoti bola injini sikutentha. Makaniko wa magetsi a galimoto saona choncho, ndipo chimene ndimamusirira nacho n'chakuti sathamangira kukugulitsa chitsulo chatsopano.

Amayamba injini ili yozizira. Akangotembenuza kiyi fani n'kulira, wadziwa kale kuti vuto si kutentha. Amatsegula bokosi la mafyuzi, n'kugogoda relay ya fani pang'onopang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva atatchera khutu, kudikira ka "tiki" kosonyeza kuti tizitsulo tam'kati tinamatirira. Fani ikakana kusiya, zala zake zakuda bii ndi girisi zimatsata waya, kupapasa pomwe maso safika, mpaka pa switchi yoyeza kutentha kwa madzi. Pa ma Toyota ambiri akale, pulagi yake ikangokhwepa kapena kuchita dzimbiri, fani imangozungulira basi. Opanga galimotozi anaipanga dala choncho kuti injini isapse. Makanikoyo amapala dzimbiri lobiriwiralo, kuuzira kawiri, n'kubwezeretsa pulagiyo.

Pakanapanda anthu otere, bwenzi tonse tikugula fani yatsopano pa vuto la kawaya kamodzi, kapena kungoisiya izungulire mpaka mota yake itapsa tili pakati pa ulendo.