Fatwa ya Bitcoin Tikaiyesa pa Msika wa Lizulu

Mu Januwale 2018 kudamveka fatwa ya Mufti Wamkulu wa ku Egypt, Sheikh Shawki Allam, yoti malonda a Bitcoin ndi haramu. Mwa zifukwa zake, ziwiri ndizo zikuluzikulu: palibe boma loiyang'anira, ndipo muli gharar, kusatsimikizika koyandikana ndi juga.

Chifukwa choyambacho nchofooka. Imam Malik adaphunzitsa kuti ngakhale zikopa, anthu atagwirizana kuzilandira ngati ndalama, malamulo osinthanitsira ndalama angazikhudze. Choncho chimene chimapanga ndalama ndi urf, chizolowezi cha anthu, osati boma lokha.

Komabe ophunzira amene amatsamira pa mfundoyi pofuna kuloleza Bitcoin amadumpha funso lenileni: akuilandira ndani? Pa Lizulu ndi pa Tsangano, mayi wogulitsa kachewere amalandira kwacha, Airtel Money kapena Mpamba, koma Bitcoin ayi. Nayo Reserve Bank of Malawi idachenjeza mu 2019 kuti iyi si ndalama yovomerezeka m'dziko muno. Urf wake kuno sunabadwe.

Nkhawa ya woigula njomveka, pakuti kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma wogula chinthu chimene sangagulire ngakhale mchere, nkumangodikira kuti chikwere, walowa mu gharar yomwe Muftiyo adanena. Apa fatwayi idalasa.

Aphunzitsi asangoloweza ana mawu oti "haramu". Awaphunzitse kuyesa chifukwa chilichonse pachokha, pakuti chigamulo chomangidwa pa urf chimasintha urf ukasintha. Allah ndiye Wodziwa koposa.