Akabaza a m'munsi mwa Michesi

Ku France anasandutsa njanji zakale ndi magombe a ngalande kukhala njira za njinga zopanda galimoto, ndipo alendo amachokera kutali kukapalasa m'mbali mwa mtsinje wa Loire. Kuno kuzungulira phiri la Michesi njira zotere zilipo, koma anazipalira ndi mapazi a anthu ndi matayala a akabaza.

Ndimawalemekeza anyamata amenewa. Wakabaza wa pa Migowi kapena pa Chiringa amaidziwa njira ngati khonde la kwawo: pomwe pali mchenga wotereretsa tayala, pomwe madzi ochokera m'phiri anakokolola. Pakaliyala wayikapo khushoni, m'munsi tizitsulo topondapo. M'mawa anyamula thumba la nandolo lomanga ndi mphira, masana mayi wodwala wopita ku chipatala cha Holy Family. Apa sathamanga ayi. "Gwiritsitsani, amayi," amatero, n'kumazemba bampu lililonse. Pachitunda cholowera ku Fort Lister amatsika n'kukankha, thukuta lili kamukamu, wokwera ali phee pampando.

Tayala likaphulika, wokonza ali pansi pa mtengo wa mango, akumiza chubu m'beseni kufunafuna thovu, akhule, amate, ulendo upitirire.