Tombolombo wa pa Mulanje adasamutsidwa banja

Mu 2014 magazini ya sayansi ya Systematic Entomology idasindikiza nkhani ya Klaas-Douwe Dijkstra, Vincent Kalkman ndi anzawo, yosanja mwatsopano mabanja a atombolombo owonda, aja amene akatera amapinda mapiko pamsana. Ambiri amangoona chithunzi cha mtengo wa mibadwo n'kutseka. Koma nkhaniyi ikutsutsa njira imene akatswiri adaidalira zaka zoposa 100.

Kale chibale cha tizilomboti ankachiweruza makamaka poyang'ana mitsempha ya m'mapiko. Mitundu yokhala ndi mapiko opyapyala, amene mitsempha ina idafupika kapena kuzimiririka, adaiika m'banja limodzi lotchedwa Protoneuridae. Olembawa adayeza DNA ya magulu 59 pa 100 aliwonse mwa magulu 310 odziwika panthawiyo, ndipo adapeza kuti banjalo lidali la atombolombo ongofanana nkhope. A ku America adapezeka kuti ndi a banja la Coenagrionidae, pomwe a ku Africa, Asia ndi Australia adalowa m'banja la Platycnemididae. Mapiko adafanana chifukwa mitsempha idatha payokhapayokha m'mibadwo yosiyana.

Platycnemididae, banja la mitundu yoposa 400, limadziwika ndi mutu wotambalala m'mbali, ndipo amuna a mitundu ina ali ndi miyendo yophwatalala ngati nthenga. Banjali lidalandira alendo, monga Onychargia ndi magulu ena a ku New Guinea, komanso lidataya ena. Mmodzi mwa otayikawo ndi wathu: Oreocnemis phoenix, amene mwamuna wake ndi wofiira, wopezeka m'timitsinje ta pamwamba pa phiri la Mulanje basi, ndipo adalembedwa koyamba ndi Elliot Pinhey mu 1971. Ngakhale dzina lake likumveka la m'banja lakalelo, adamusamutsira ku Coenagrionidae.

Chimene ndimailemekezera nkhaniyi ndi malo amene olembawo akukana kugamula. Magulu angapo, makamaka amene kale ankaunjikidwa m'banja la Megapodagrionidae, adawasiya opanda banja, poti umboni sunakwane. Ndipotu zidutswa za DNA zimene adagwiritsa ntchito zidali zitatu zokha, 16S, COI ndi 28S. Zimathandiza kuona abale apafupi, koma pa nthambi zakale kwambiri zimafooka. Banja la Hemiphlebiidae, lokhala ndi mtundu umodzi wokha wa ku Australia, silidayezedwe n'komwe. Wowerenga mofulumira angaganize kuti zonse zathetsedwa. Woyang'ana manambala aang'ono a pa mphanda za mtengowo aona kuti pa mabanja umboni ndi wolimba, koma pa ubale wa pakati pa mabanjawo mlandu udakali m'bwalo.

Amene muli ndi mabuku akale a tizilombo, onani chaka chimene adasindikizidwa. Ngati akutchulabe Protoneuridae ngati banja, kasanjidwe kake ndi kakale.