Farewell Anali Wamalonda Cabe

Mwana wina m'kalasi langa kuno ku Libuyu analemba kuti boma la Britain linatuma Francis Farewell kukaletsa nkhondo za Shaka. Nditamuikira mtanda wofiira anatsutsa: "Ba ticha, ndinaona ndi maso anga mu Shaka Zulu!"

Sananame, sewero la 1986 lija limaterodi. Koma Farewell anafika ku Port Natal mu 1824 kudzafuna minyanga ya njovu, monga wamalonda. Anapanga seweroli ndi a SABC, wailesi ya boma la tsankho, ndipo kunawakomera kuveka wamalonda malaya a mpulumutsi.

Henry Cele amasewera Shaka mocititsa nthumanzi, inenso ndimaonerabe. Cimene cimandiwawa n'cakuti bodza limeneli limakhalitsa m'mutu mwa mwana kuposa zimene ndimalemba pa bolodi.