Za Gule wa ku Japan, ndi Pokamuonera mu Tokyo

Mlendo akafika m'mudzi waukuru wa Tokyo, nafuna kuona gule wa makolo a dzikolo, amlozera njira ziwiri. Ena amtumiza ku Sendagaya, ku nyumba ya gule wa Noh, imene inatsegulidwa m'caka ca 1983. Komweko wobvina abvala cigoba ca mtengo kumaso, nayenda pang'onopang'ono, osanyamula citendene. Sitimpeputsa gule ameneyo. Koma ndiye cakudya ca ozolowera, ndipo wosamva cinenero cao akhoza kuodzera.

Ife titi mlendo ayambire ku Kabuki-za, ku Ginza. Nyumba yoyamba inamangidwa pomwepo mu 1889. Imene iripo lero ndiyo yacisanu, ya 2013. Gule wa Kabuki anamuyamba mkazi, dzina lace Okuni, ku Kyoto mu 1603. Koma mu 1629 akuru a dziko analetsa akazi kubvina, kotero kuti amuna ndiwo abvina m'malo mwao kufikira lero. Mlendo akapeza mwezi umene abvina Musume Dojoji, asaphonye. Mwamuna asanduka namwali, nabvina patsogolo pa belu la kacisi. Athandizi ace asolola ulusi, ndipo cobvala cace cisandulika maonekedwe m'kamphindi. Potsiriza akwera pabelupo, nazindikirika kuti ndiye mzimu wa mkazi amene cikondi cokanidwa cinamsandutsa njoka. Izi maso azimva okha, osafuna womasulira.

Tsono nkhani ya pokhala. Mipando ya pansi iri ya mtengo wapatali, ndipo masewero onse atha maora anai kapena kuposa. Koma pa nsanja yacinai agulitsa malo oonera cigawo cimodzi cokha, ndi ndalama zocepa. Ndipo tiyesa kuti mlendo akwere komweko. Cotayika ciripo, sitibisa: kanjira kochedwa hanamichi, kamene obvina alowera pakati pa openyerera, sikaoneka bwino uli pamwamba. Koma m'nsanja za pamwambazo ndimo mukhala eni kumdziwa gule. Wobvina akaima nji, natong'ola maso, matabwa nkugogodwa pansi, iwo apfuula dzina la banja lace, monga amai aomba nthungululu pabwalo. Ndipo mau ao agwa pa nthawi yace yeniyeni. Mlendo akachera khutu kwa amenewo, aphunzira msanga pamene pagona luso.